Jurassic Shift ya Ozric Tentacles: Chimbale Chimene Besi ndi Ng'oma Ndizo Zimatsogolera

Gulu loimba la ku England lotchedwa Ozric Tentacles latulutsa zimbale zambiri kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1980, koma munthu akandifunsa kuti ayambire pati, ndimamulozera ku Jurassic Shift, chimbale chimene chinatuluka m'chaka cha 1993 kudzera ku kampani yawoyawo ya Dovetail Records. M'chimbalechi muli nyimbo zisanu ndi zitatu zimene zonse pamodzi zimatenga mphindi zopitirira pang'ono 50, ndipo kuyambira pa nyimbo yoyamba mpaka yomaliza mulibe vesi loimbidwa ndi pakamwa, mulibe kolasi yoti anthu n'kuvomera, mulibenso uthenga woti munthu n'kukafotokozera mnzake. Zimene zilimo ndi gitala, besi, ng'oma, zitoliro, makiyibodi a mtundu wa synthesizer, ndi tizoimbira tina tochokera kumayiko a kum'mawa. Ngakhale zili choncho, chimbalechi chinafika pa nambala 11 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain, zomwe ndi zodabwitsa ndithu kwa gulu limene linalibe kampani yaikulu yoliimira kumbuyo, linalibe munthu wamawu okoma woti n'kumuika pachikuto cha magazini, ndiponso otsatira ake oyambirira anali anthu ogona m'matenti ndi m'mabasi akale.

Vuto limene womvera wachizolowezi amakumana nalo ndi lodziwikiratu. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti nyimbo ndi uthenga, moti tikafuna kuyamikira woimba timanena kuti mawu ake ndi ogwira mtima kapena kuti amalangiza bwino, ndipo zoimbira timazitenga ngati zongoperekeza mawuwo. Nyimbo yopanda mawu timaiyesa yosamalizidwa, kapena yongodzazira mpata pa wailesi nthawi ya nkhani isanakwane. Munthu amene wabwera ku Jurassic Shift ndi khutu lotere amadikira kuti woimba alowe, mphindi ziwiri n'kutha, zinayi n'kutha, kenako n'kutopa, n'kuzimitsa. Chimene ndikufuna kunena m'ndemanga ino n'chakuti chimbalechi sichisowa mtsogoleri ayi, koma kuti mtsogoleriyo sali pamwamba pamene tinazolowera kumufunafuna. Ali pansi, m'besi ndi m'ng'oma, ndipo amene wagwira besi n'kuitsatira osaitaya amapeza kuti zonse zouluka pamwamba pake, zimene poyamba zimamveka ngati chipwirikiti, zili ndi malo ake ndi nthawi yake.

Mayimbidwe amenewa amachokera ku mitsinje iwiri imene inakumana. Woyamba ndi wa psychedelic rock, umene unakula ku America ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1960, pamene oimba anayamba kusokoneza dala kamvekedwe ka gitala, kuika eko yambiri ndi kutalikitsa nyimbo pofuna kuti womvera amve ngati ali m'maloto. Si chinsinsi kuti chiyambi chake chinalukana ndi mankhwala ozunguza bongo monga LSD, ngakhale kuti nyimbo zake sizifuna mankhwala kuti munthu azimve kukoma. Mtsinje wachiwiri ndi wa progressive rock, umene unaphuka kumapeto kwa zaka zomwezo ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1970, pamene magulu anakana malire a nyimbo ya mphindi zitatu n'kuyamba kumanga nyimbo zazitali, zokhala ndi zigawo zingapo ndi kawerengedwe ka ng'oma kosazolowereka. Owerenga a ku Zambia sangaone chachilendo pa mtsinje woyambawo, chifukwa magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ankaliza gitala yokandakanda ya mtundu womwewu m'zaka za m'ma 1970, kungoti iwo ankaimba ndi pakamwa ndipo nyimbo zawo zinali zazifupi. A Ozric Tentacles anatengera kwambiri ku magulu a Gong ndi Hawkwind, makamaka ku kalizidwe ka gitala ka Steve Hillage wa ku Gong, amene patapita zaka anadzaliza nawo m'chimbale chawo cha 2004 chotchedwa Spirals in Hyperspace.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake chimbalechi chimamveka momwe chimamvekeramu, ayenera kudziwa kumene gululi linaphunzirira ntchito. Linabadwira ku chikondwerero chaulere chimene chinkachitika chaka ndi chaka pafupi ndi miyala yakale ya Stonehenge, ndipo kumeneko ndi kumene Ed Wynne, mchimwene wake Roly Wynne, Joie Hinton ndi anzawo anayamba kulizira pamodzi m'chaka cha 1983. Pa zikondwerero zotere panalibe tikiti, panalibe ndondomeko yokhwima ya nthawi, ndipo gulu linkatha kuliza kwa maola ambiri usiku pogwiritsa ntchito jenereta, anthu akuvina m'matope kapena pa udzu. Gulu limene laphunzirira pamalo otere limadziwa chinthu chimodzi chimene magulu ambiri a progressive rock a m'ma 1970 ankachiiwala, chakuti anthu akasiya kugwedeza thupi ndiye kuti mwawataya, kaya gitala ikuthamanga mwaluso motani. Chikondwerero cha ku Stonehenge chinatha mwankhanza pa 1 June 1985, pamene apolisi anatsekereza mdipiti wa magalimoto a anthu opita kumeneko n'kumanga anthu oposa 500, koma pofika nthawiyo gululi linali litapeza kale njira yake. Pakati pa 1985 ndi 1989 linatulutsa makaseti asanu ndi limodzi ojambulidwa ndi iwo okha, amene ankagulitsa pa zikondwerero ndi kutumiza pa positi. Pambuyo pake ndi pamene panabwera Pungent Effulgent mu 1989, Erpland mu 1990 ndi Strangeitude mu 1991. Choncho Jurassic Shift ndi ntchito ya gulu limene linali litatha zaka khumi likuliza nyimbo, ndipo zimenezi zimamveka m'mene woliza besi ndi woliza ng'oma amasinthira liwiro nthawi imodzi popanda wina kutsalira.

Chaka cha 1993 chinalinso chowakomera pa chifukwa china. Achinyamata a ku Britain anali atalowerera m'nyimbo zovina za makina, zimene zinkalizidwa usiku wonse m'nyumba zosungiramo katundu ndi m'minda, ndipo khamu limeneli linayamba kusakanikirana ndi anthu a zikondwerero zaulere aja, monga zinaonekera pa msonkhano waukulu wa ku Castlemorton mu May 1992, umene unakwiyitsa boma mpaka linakhazikitsa lamulo lokhwima mu 1994 lolimbana ndi misonkhano yotere. A Ozric Tentacles anaima pakatikati pa makamu awiriwa. Okonda gitala ankawamva ngati gulu la rock, okonda kuvina ankawamva ngati anzawo, ndipo awiri mwa mamembala awo, Joie Hinton wa makiyibodi ndi Merv Pepler wa ng'oma, anali kale ndi gulu lawo lina la nyimbo za makina lotchedwa Eat Static.

Nyimbo yoyamba, Sun Hair, ndiyo khomo labwino lolowera. Imayamba ndi timawu ta synthesizer tothamanga motsatizana, tobwerezabwereza, timene timatuluka m'kachipangizo kotchedwa sequencer, kamene woimba amakapatsa mndandanda wa manotsi ndipo iko kamawaliza mozungulira osatopa. Chofunika kumvetsera apa si manotsiwo ayi, chifukwa sasintha kwenikweni, koma mmene kamvekedwe kake kamasinthira pang'onopang'ono, kuchoka pa kuphimbika ngati kali kuseri kwa chitseko mpaka kufika pa kuthwa, pamene woliza akupotokola kabatani kamene kamatsegula kapena kutsekereza mawu apamwamba. Ng'oma zikalowa, ntchito ya Merv Pepler imakhala yovuta kuposa mmene imamvekera, popeza makina salakwitsa ndiponso sadikira munthu, ndiye iye ayenera kukhala nawo ndendende koma osauma ngati iwo. Zimakhala ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi, musi wina ukukwera pamene wina ukutsika, osagundana, ndipo kukoma kwake kuli pa mpata waung'onowo umene uli pakati pa misi iwiriyo. Gitala ya Ed Wynne ikafika, imapeza maziko atayalidwa kale, ndipo imakwera pamwamba ndi manotsi aatali, oyera, amene eko imawanyamula kuchoka ku khutu lina kupita ku linzake. Nyimboyi sifika mphindi zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe chigawo chake chimene ndingachotsepo.

Stretchy, imene imatsatira, imapendekera kwambiri ku mbali ya makina, ndipo ndi pamene dzanja la anthu a Eat Static limaonekera bwino. Ndi nyimbo yolimba, yovinika, koma ili pakati pa nyimbo ziwiri zoiposa, moti munthu saikumbukira msanga.

Pamtima pa chimbalechi, kwa ine, ndi Feng Shui, nyimbo ya mphindi zopitirira 10. Imatseguka mwakachetechete ndi kamvekedwe ka kum'mawa kwa Asia, zingwe zolizidwa chimodzichimodzi ngati za koto ya ku Japan, chimene ndi chimodzi mwa zoimbira zimene Ed Wynne analiza m'chimbalechi, pamodzi ndi chitoliro cha John Egan chimene chimayandama popanda kufulumira. Kenako besi imalowa, ndipo munthu aliyense amene anakulira pa reggae amadziwa pomwepo kumene wafika, chifukwa iyi ndi dub yeniyeni ya mwambo wa ku Jamaica: besi yakuya, yonenepa, yosiya mipata, ng'oma zouma, ndi kamawu kamodzi kamene kakagunda kamaponyedwa mu eko n'kumabwerera mobwerezabwereza mpaka kuzimirira. Pano ndi pamene womvera amene amaopa nyimbo zopanda mawu angapezepo poponda, popeza dub inatiphunzitsa kale kuti mawu a woimba akhoza kuchotsedwa nyimbo n'kukhalabe yathunthu. Chimene a Ozric Tentacles amawonjezerapo ndi timaphokoso ta synthesizer tophulika ngati thovu la madzi, timene Joie Hinton ankadziwika nato, ndipo amatiika m'mipata imene besi yasiya, osati pamwamba pa besiyo. Kudziletsa kumeneku ndi kumene kumandisangalatsa. Gulu la anthu asanu kapena kuposerapo, aliyense wodziwa chida chake, limakhala ndi chiyeso chakuti aliyense amveke nthawi zonse, koma muno amalekerera besi kuti ilamulire kwa mphindi zambiri, ena onse n'kumangoponyamo kamodzikamodzi.

Mapeto a Feng Shui ndi amene amagawanitsa anthu. Munthu atakhazikika bwino m'kugwedera kwa dub, nyimboyo imaphulika mwadzidzidzi n'kukhala rock yolusa, yothamanga, gitala ikukanda ndipo ng'oma zikumenyedwa mopanda chisoni. Ena amati uku ndi kuwononga chinthu chokongola, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, makamaka ngati munthu anakweza voliyumu kuti amve bwino besi ya pakati paja. Ine ndimaona kuti ndi nthabwala ya anthu a pa chikondwerero, amene amadziwa kuti khamu likayamba kuwodzera liyenera kudzidzimutsidwa, ndipo pa siteji n'zosakayikitsa kuti zinkagwira ntchito. Pa chimbale, pomvera pawekha usiku, kudzidzimukako kumakoma ulendo woyamba ndi wachiwiri, koma pambuyo pake munthu amangochepetsa voliyumu nthawi yake ikayandikira.

Half Light in Thillai imabwera ngati mpumulo. Thillai ndi dzina lakale la Chidambaram, tauni ya kum'mwera kwa India yotchuka ndi kachisi wake, ndipo nyimboyi imayenda pang'onopang'ono ndi ng'oma zomenya ndi manja, zingwe zofewa ndi makiyibodi otambalala. Apa ndi pamene funso lina limadzuka, limene womvera woganiza sangalizembe. Gululi limabwereka zambiri ku nyimbo za ku India, ku Arabia, ku Japan ndi ku Jamaica, ndipo si nthawi zonse pamene kubwerekako kumapita mwakuya. Pa dub ndikuvomereza kuti anaphunzira bwino, popeza anakulira m'dziko limene munali magulu ambiri a reggae ndi masipika akuluakulu a anthu ochokera ku Caribbean. Pa nyimbo za ku India, chimene anatenga ndi fungo chabe, sikelo ndi kamvekedwe ka zida, osati kamangidwe kake kozama. Nyimboyi ndi yokoma kumva, koma munthu asaganize kuti wamva nyimbo za ku Tamil Nadu.

Nyimbo imene inapereka dzina ku chimbale chonse ndiyo yaitali koposa, pafupifupi mphindi 11, ndipo ndi pamene mbali ya progressive rock imaonekera mokwanira. Imayamba mofatsa, gitala ili yoyera, besi ikuyenda mwaulemu, ndipo kwa kanthawi munthu akhoza kuyesa kuti akumva gulu la jazz limene lasochera m'nkhalango. Kenako zigawo zimayamba kusinthana, liwiro limakwera, gitala imasintha mawu n'kuyamba kulira mokweza, ndipo pofika pakati pa nyimboyo gulu lonse limakhala likuthamanga pamodzi mwamphamvu, lisanatsikenso n'kukhazikika kumapeto. Chimene chimasiyanitsa nyimbo yaitali yabwino ndi yaitali yotopetsa ndi malumikizidwe ake, ndiko kuti, ngati chigawo chatsopano chikumera kuchokera m'chakale kapena changomatidwapo. Muno zigawo zimamera. Munthu akatsatira besi amamva kuti kusintha kukubwera kusanafike, chifukwa kachidutswa kena ka kalizidwe kake kamayamba kusuntha, ng'oma n'kuvomera, gitala n'kubwera pomaliza. Chimbalechi chili ndi oliza besi awiri, Roly Wynne amene anali kutuluka m'gululi pa nthawiyo ndi Zia Geelani amene anali kulowa, ndipo n'zochititsa chidwi kuti kusinthana kwa anthu pa chida chofunika chotere sikunagwedeze maziko a nyimbozi. Roly Wynne anamwalira mu 1999, ndipo amene akufuna kumva kalizidwe kake mokwanira ayenera kubwerera ku Erpland ndi ku makaseti akale aja.

Za Ed Wynne payenera kunenedwa zoona zonse ziwiri. Ndi katswiri wa gitala, wa zala zopepuka, amene amadziwanso makiyibodi ndi ntchito ya mu situdiyo, ndipo ndi iye yekha amene wakhala m'gululi kuyambira pachiyambi mpaka lero. Koma akayamba kuthamangitsa manotsi, nthawi zina amanena zambiri kuposa zimene nyimbo ikufuna, ndipo m'chigawo chothamanga cha nyimbo yaitaliyi muli malo amene khutu limasiya kumutsatira n'kubwerera ku ng'oma. Ali bwino koposa pamene akugwira notsi imodzi kwa nthawi yaitali n'kuisiya kuti eko iimalizitse.

Nyimbo zitatu zomaliza ndi zazifupi. Pteranodon, yotchedwa dzina la chokwawa chouluka cha makedzana, imayenda molemera pa besi yobwereza, pamwamba pake pakumveka kulira kwakuthwa kwa makiyibodi ndi chitoliro, ndipo ndi imodzi mwa nyimbo zimene zimasonyeza bwino kuti gululi likhoza kukhala loopsa likafuna. Train Oasis sifika mphindi zitatu ndipo imatha isanafike kulikonse. Vita Voom ndi yachangu, ya besi yodumphadumpha, ndipo ndi imene ili pafupi kwambiri ndi nyimbo yoti n'kulizidwa pa wailesi. Imatseka chimbale mwansangala, ngakhale kuti ndikanakonda kuti nyimbo yaitali ija ndiyo ikhale yomaliza, chifukwa pambuyo pake zitatuzi zimamveka ngati zowonjezera.

Zofooka za chimbalechi sizithera pa kasanjidwe ka nyimbo. Chachikulu n'chakuti mulibe nyimbo imene munthu angaiimbe ndi likhweru akuyenda pamsewu. Magulu ena a nyimbo zopanda mawu, monga Camel m'chimbale chawo cha 1975 chotchedwa The Snow Goose, ankamanga ntchito yawo pa timanyimbo tokoma timene timatsalira m'mutu, pamene a Ozric Tentacles amamanga pa kugunda ndi pa kamvekedwe. Zotsatira zake n'zakuti munthu akazimitsa chimbale amakumbukira mmene anamvera m'thupi, koma akafunsidwa kuti aimbe kachigawo kamodzi amasowa pogwira. Chachiwiri n'chakuti kamangidwe ka nyimbo zawo kamafanana: sequencer iyambe, besi ndi ng'oma zilowe, gitala ikwere, thovu la synthesizer liphulike, zonse zitsike. Otsutsa gululi akhala akunena kwa zaka zambiri kuti amene wagula chimbale chawo chimodzi wagula zonse, ndipo ngakhale mawuwa ndi okokomeza, muli choonadi china mkati mwake. N'chifukwa chake ndikulimbikira pa Jurassic Shift, popeza ndi pamene njira yawoyo inafika pachimake isanayambe kudzibwereza. Chaka chotsatira, atatulutsa Arborescence, Joie Hinton ndi Merv Pepler anachoka kuti akalimbikire za Eat Static, ndipo ngakhale gululi linapitiriza kutulutsa zimbale zabwino, mgwirizano wa anthu amenewa sunabwererenso. Chachitatu, chimene ndi chaching'ono, n'chakuti mawu ena a makiyibodi amaulula zaka zake, ali ndi kuwala kozizira kwa zida za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo khutu la lero likhoza kuwamva ngati achikale kuposa gitala ndi ng'oma zimene zili pambali pake.

Kujambula kwake, kumbali ina, ndi kwapamwamba. Chida chilichonse chili ndi malo ake, kumanzere, kumanja, kutsogolo kapena kutali, ndipo ngakhale pamene zonse zikulira nthawi imodzi munthu amatha kusankha chimodzi n'kuchitsatira. Izi zikutanthauza kuti chipangizo chomvetserera si nkhani yaing'ono. Sipika ya foni imadula mawu onse apansi, ndiye kuti imachotsa besi, imene ndanena kuti ndiyo mtsogoleri, ndipo chotsala chimakhala kulira kwa gitala ndi timaphokoso topanda mutu. Munthu amene wamva Feng Shui pa sipika ya foni n'kunena kuti ndi yosakoma sanaimve n'komwe. Sipafunika zida zodula ayi. Mahedifoni wamba otseka makutu bwino ndi okwanira, kapena wailesi ya m'nyumba ya masipika awiri otalikirana pang'ono, munthu atakhala pakati pake. Kasipika kamodzi konyamula m'manja kamabweza besi koma kamapha kuyenda kwa mawu kuchoka mbali ina kupita ina, kumene ndi theka la chisangalalo cha Sun Hair. Ndi bwinonso kumvera chimbale chonse motsatana, osasakaniza nyimbo, chifukwa Half Light in Thillai imapeza tanthauzo lake pobwera pambuyo pa phokoso lomaliza la Feng Shui.

Pa nkhani ya kugula, pali njira zingapo. Chimbale choyambirira cha Dovetail chinali ndi chikuto chojambulidwa ndi Blim, mmisiri amene zithunzi zake za mitundumitundu zinakhala nkhope ya gululi, ndipo chinasindikizidwa pa pepala lopangidwa ndi zinthu monga chamba cha mtundu wopangira zingwe ndi nsalu m'malo mwa mitengo, zomwe zinkagwirizana ndi maganizo a anthu awo pa zachilengedwe. Chimenechi tsopano chimapezeka kwa ogulitsa zinthu zakale, ndipo ndi cha anthu okonda kusonkhanitsa. Kwa womvera wamba, chosavuta kupeza ndi chimene kampani ya Kscope inatulutsanso mu 2020, Ed Wynne mwiniwake atakonzanso kamvekedwe kake, ndipo chimapezeka pa CD, pa chimbale cha galamafoni, komanso pa Spotify ndi malo ena omvetserera nyimbo pa intaneti. Kuti mwiniwake ndiye anagwira ntchitoyi n'kofunika, makamaka tikakumbukira kuti mu 2012 moto wolusa wa m'nkhalango ku Colorado, kumene ankakhala pa nthawiyo, unatentha nyumba yake pamodzi ndi situdiyo, zida ndi zojambulidwa zambiri zakale. Amene amamvera pa intaneti achite bwino kusankha kamvekedwe kapamwamba m'makonzedwe a pulogalamu yawo ngakhale kamadya bandulo yambiri, chifukwa kamvekedwe kotsika kamaphwanya timawu tating'ono ta eko timene chimbalechi chimadalira.

Si munthu aliyense amene ndingamuuze kuti awononge ndalama zake pano. Amene amafuna nyimbo yomulangiza, yomutonthoza ndi mawu kapena yoti aziimba nawo, sadzapezamo kanthu, ndipo palibe chifukwa chodzikakamiza. Amenenso amafuna nyimbo yachete yoti izilira chapansipansi akuwerenga kapena akugwira ntchito ya mu ofesi adzakhumudwa, popeza Pteranodon ndi mapeto a Feng Shui sizilola munthu kuika maganizo pa china. Koma woliza besi kapena ng'oma, kaya ndi wa kutchalitchi kapena wa bandi ya kumalo achisangalalo, ali ndi zambiri zoti atolemo, makamaka pa luso losiya mipata ndi lolizira limodzi ndi makina popanda kusanduka makina. Wojambula nyimbo mu situdiyo angaphunziremo kagawidwe ka malo pakati pa zida zambiri. Wokonda dub ayambire pa Feng Shui, wokonda gitala ayambire pa nyimbo yaitali ija, ndipo wokonda nyimbo zovina za makina ayambire pa Sun Hair ndi Stretchy.

Amene chamukomera n'kufuna kupitirira, asathamangire zimbale zatsopano monga Space for the Earth ya 2020 kapena Lotus Unfolding ya 2023, ngakhale kuti nazonso zili ndi ubwino wake, koma abwerere m'mbuyo ku Erpland, chimene ndi chachitali, chosasalala kwenikweni, koma chokhala ndi mitundu yambiri ya mayimbidwe. Makaseti asanu ndi limodzi oyambirira aja anasonkhanitsidwa pa ma CD m'bokosi lotchedwa Vitamin Enhanced, limene linapangidwa mofanana ndi katoni ya chakudya cham'mawa, pokumbukira kuti dzina la gululi linachokera pa nthabwala yopeka mayina a zakudya zotere. Kampani ya Kellogg's inadandaula ndi kufananako ndipo bokosi loyambalo linachotsedwa pa msika, koma nyimbozo zinadzatulutsidwanso pambuyo pake. Kajambulidwe kake ndi ka kunyumba, kokhala ndi mkokomo wa tepi, ndipo ndi zoyenera munthu amene wazolowera kale gululi, osati wongoyamba kumene.